Makalasi a Chingelezi a akuluakulu pa Nchalo

Kwa miyezi isanu ndakhala ndikuphunzira Chingelezi m'makalasi a madzulo amene mphunzitsi wina wopuma pa ntchito amachititsa pafupi ndi msika wa pa Nchalo, ndipo ndikuona kuti ndalama zanga sizinapite pachabe. Ambiri mwa ife ndife odula nzimbe, amalonda ndi amayi amene tinalekezera sukulu ku pulayimale, ndipo kunyumba timalankhula Chisena kapena Chimang'anja.

Chimene ndimawayamikira kwambiri aphunzitsiwa n'chakuti sayamba ndi malamulo a galamala, koma ndi zimene timakumana nazo tsiku ndi tsiku, monga kulemba fomu ya ku banki, kuwerenga malangizo a pa botolo la mankhwala ndiponso kulemba kalata yofunsira ntchito. Popeza ambirife timasokoneza "l" ndi "r", amatibwerezetsa mawu moleza mtima, osachititsa manyazi munthu wa imvi pamaso pa anzake.

Chodandaulitsa ndi chipinda chophunziriramo, chimene ndi cha malata opanda siling'i, moti kutentha kwa mu Okutobala kumatifooketsa tisanafike pakati pa phunziro. Mabuku nawonso ndi ochepa, ndipo m'dzinja madzi akasefukira, anzathu ochokera kutsidya kwa Shire amajomba milungu ingapo.