Makina a X-ray aja patatha miyezi 14

Mnzanga amene tinaphunzira naye limodzi za chipatala, yemwe pano ali ndi kiliniki yake ku Luchenza, anandiimbira Lamlungu madzulo. Funso lake linali limodzi: "Achimwene, makina a X-ray munagula aja, ndigule omwewo kapena ndiyang'ane kwina?" Ndinamupempha kuti andipatse masiku awiri, chifukwa nthawi imeneyo m'thumba mwanga munali invoisi yochokera kwa wogulitsa makinawo ndipo mtima unali usanakhale pansi. Atangofika makinawa mu Novembala wa chaka chinacho ndinawayamikira kwambiri. Izi ndi zomwe ndaona chigulireni.

Kiliniki yathu ili chakufupi ndi Chitakale, ku Mulanje. Amene timawajambula kwambiri ndi anyamata a kabaza, ana ogwa m'mitengo ya mapeyala, ndi anthu othyola tiyi amene akhala akutsokomola milungu ingapo ndipo tikuwakayikira TB. Pa ntchito imeneyi zambiri zayenda bwino. Chithunzi chimatuluka pakompyuta m'masekondi ochepa, za filimu ndi mankhwala otsukira tinaziiwala. Bedi ndi lolimba. Babu younikira malo ojambula tasintha kamodzi kokha. Chomwe ndimachikonda kwambiri n'chakuti ngakhale makinawa ndi a 32 kW, amagwira pa magetsi wamba a 230 V, chifukwa amayamba asunga mphamvu m'makapasita kenako n'kuitulutsa kamodzi m'kanthawi kosakwana sekondi. Magetsi akazima, injini yathu ya dizilo imawakwanitsa.

Vuto lili pa njira ya magetsi ochokera ku mbali imene ogulitsa amaitcha jenereta. Si injini ya dizilo ija ayi, ndi bokosi limene limakweza magetsi. Limatenga 230 V ya pakhoma, kuiwongola, kuiduladula maulendo masauzande ambiri pa sekondi, kenako kuipititsa mu thiransifoma yomizidwa m'thanki ya mafuta. Pojambula dzanja timafuna mavoti pafupifupi 55,000, pojambula chifuwa 120,000. Mphamvu imeneyi imapita ku chubu, chimene chimatulutsa X-ray, kudzera m'zingwe ziwiri zonenepa ngati payipi yothirira dimba, chilichonse chitanyamula theka lake. Pa mphamvu yonseyo, gawo limodzi lokha pa magawo 100 ndi limene limasanduka X-ray, yotsalayo imangokhala kutentha.

Dzinja loyamba linadutsa popanda chovuta. Zinayamba mu Juni, chiperoni chitagwira masiku atatu, phiri osaoneka n'komwe, makoma a chipinda chojambulira akuchita thukuta. M'mawa wina tinali ndi agogo aakazi ochokera cha ku Muloza. Wojambula wathu anawaimika bwino, n'kuwauza kuti, "Agogo, kokani mpweya, gwirani pomwepo." Atadina batani tinangomva kuti thaa! ngati wina wathyola nkhuni youma. Makina anazima, pa sikirini panalembedwa kuti magetsi aphonya, ndipo m'chipindamo munamveka kafungo ngati ka mvula ya mphenzi. Agogo aja anali chigwirire mpweya, akudikira kuti tiwauze kuti apume. Chithunzi chinatuluka chotuwa, chosawerengeka, ndipo tinachita kuwajambulanso masana. Zimenezi zinandipweteka, chifukwa kujambula kawiri ndi kumupatsa munthu cheza kawiri popanda chifukwa.

Kuchokera pamenepo khalidwe lake linali lomwelo. Manja ndi miyendo, pa 60 kapena 70 kV (kV imodzi ndi mavoti 1,000), palibe vuto. Chifuwa pa 120 kV m'mawa wa nkhungu, thaa. Dzuwa likawala masana, zonse bwinobwino. Ndinalembera wogulitsa pa WhatsApp tsiku lomwelo. Mnyamata wawo anabwera kuchokera ku Blantyre patatha masiku asanu ndi anayi, anafika cha m'ma 2 koloko kunja kuli ngwee, anajambula kasanu popanda chovuta, n'kunena kuti vuto ndi magetsi a kwathu kuno. Anandigulitsa sitabilaiza ya K1,400,000. Ndinakhulupirira, poti magetsi amatsikadi madzulo. Kutentha kwa Seputembala ndi Okutobala kutafika phokoso lija linatha, ine n'kumauza anthu kuti sitabilaiza yathandiza.

Mvula itayamba mu Disembala zinabwerera, tsopano ngakhale pa 100 kV. Yankho la wogulitsa linali lakuti thanki yonse yafa, iyenera kuitanitsidwa kunja, mtengo wake madola 9,000, komanso waranti ya miyezi 12 inatha mu Novembala. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anthu a zipangizo zachipatala amakonda kuwerengera m'madola, ndipo aliyense wochita bizinesi akudziwa kuvuta kwake kowapeza. Sabata imeneyo ndikanakumana ndi munthu wofuna makinawa ndikanamugulitsa pa theka la mtengo.

Anandipulumutsa ndi madala ena amene anagwira ntchito yokonza zipangizo m'zipatala za boma zaka zambiri, pano anapuma. Anati abwera m'mawa, kukakhala mvula. Anamvetsera phokosolo kamodzi kokha n'kunena kuti silikuchokera ku thanki koma ku chubu. Anazimitsa zonse, kudikira, kenako anamasula chingwe chimodzi n'kugunditsa nsonga zake ku chitsulo cha makina kuti magetsi otsalira atuluke. "Mwana wanga," anatero, "chingwe ichi chimasunga moto ngakhale wazimitsa. Usadzachigwire wekha." Ataunika ndi tochi pa pulagi yoyera ya kumapeto kwa chingwecho, panali kamzere kakuda kopyapyala ngati tsitsi, kokhotakhota kuchokera kunsonga mpaka kutsinde. Girizi wa silikoni amene amayenera kudzaza mpata wonse wa pakati pa pulagi ndi soketi anali wochepa, ndipo wotsalayo anali atauma n'kumagamphuka.

Anandifotokozera titakhala pabenchi. Mpweya wouma umalephera kutchinga magetsi akafika mavoti pafupifupi 3,000 pa milimita imodzi, ndiye pamalo podutsa 60,000 sipafunika kutsala mpata wa mpweya. Amene anamanga makinawa anaumira girizi, kutentha kwa chubu kunaumitsa wochepayo, chinyontho cha ku Mulanje n'kulowa. Kuthetheka kulikonse kumasiya mwaye, ndipo mwaye umadutsitsa magetsi, choncho ulendo wotsatira moto umapeza njira yolambula kale. N'chifukwa chake zinayambira pa 120 n'kutsikira pa 100. Anandiuzanso za John Cockcroft ndi Ernest Walton, amene mu 1932 ku Cambridge anasanjikiza makapasita ndi zowongolera magetsi ngati makwerero mpaka kufika mavoti masauzande mazana angapo, n'kuphwanya atomu ya lithium. Madalawo anati njira yomweyo ikugwirabe ntchito m'makina ambiri a X-ray, ndipo kuyambira nthawi imeneyo chovuta kwa opanga sikukweza magetsi koma kuwatsekera kuti asathawe.

Anapukuta soketi, kuika girizi watsopano wokwanira, n'kundichenjeza kuti pulagi yopsa sichira, chingwecho chisinthidwe basi. Pakadali pano tisapyole 90 kV, m'chipinda tiikemo makina oumitsa mpweya, ndipo m'mawa uliwonse tiziyamba tatenthetsa chubu ndi mphamvu yochepa. Anandilipiritsa K150,000 ndi mafuta a galimoto. Thanki ija anaipeza ilibe vuto lililonse, ndipo ndinene zoona, bokosi limene lapirira kuthetheka kwa miyezi yonseyi osapsa ndi lopangidwa bwino. Linkadzizimitsa lokha nthawi iliyonse, n'chifukwa chake chubu chikadali chamoyo.

Nditatumiza chithunzi cha kamzere kakuda kaja, wogulitsa sanatchulenso za thanki. Invoisi imene inali m'thumba ija ndi ya chingwe, madola 1,300, kuphatikizapo ulendo wa mnyamata wawo. Ndawatumizira uthenga wanga wa mu Juni, wosonyeza kuti ndinadandaula waranti isanathe, ndipo amene anamanga makinawa ndi anthu awo omwe. Avomera kuchotsa theka. Za sitabilaiza akuti sangabweze chifukwa ndaigwiritsa ntchito.

Ndiye achimwene a ku Luchenza, makinawo gulani, ndi abwino. Musanalipire kalikonse yambani mwakonza chipinda ndi chilolezo cha Atomic Energy Regulatory Authority, bungwe la boma loyang'anira za cheza. Tsiku lomanga mukhalepo, muone ndi maso anu girizi akulowa m'masoketi onse anayi, ndipo pa mgwirizano alembe kuti vuto lonenedwa waranti isanathe ndi lawo mpaka litatheratu. Ndalama yomaliza musapereke chiperoni chisanadutse. Ine theka lija sindinalipire. Ndawauza kuti ndilipira chingwe chikamangidwa n'kujambula chifuwa pa 120 kV m'mawa wa mvula, ine ndili pomwepo.