Kuwiritsa, mapiritsi kapena sefa: madzi akumwa pa ulendo wa kumapiri

Anzathu a ku Mabvuku ndi ku Highfield amene akukonza ulendo wa masiku angapo ku Nyanga kapena ku Chimanimani sakusiya kufunsa za madzi akumwa. Woyenda tsiku lonse chikwama chili kumsana amamwa malita atatu kapena anayi, ndipo lita imodzi imalemera kilogalamu yathunthu. Zosenza madzi kuchokera ku Harare iwalani, mudzamwa a mumtsinje basi.

Kuwiritsa ndiye kumapha tizilombo tonse. Madzi abwadamuke kwa mphindi imodzi, koma mukapitirira mamita 2,000 onjezani zikwane zitatu, paja phiri la Nyangani ku Nyanga ndi la mamita 2,592. Kuipa kwake kumadya gasi, komanso masana ludzu litakugwirani simungadikire kuti madzi azizire. Nkwabwino madzulo pogona.

Mapiritsi a klorini tonse tinawadziwa ndi kolera wa 2008 ndi 2018. Ndi otchipa, salemera. Koma werengani pakachikwama kake: ambiri amene amapezeka m'makomo mwathu ndi a chigubu cha malita 20, ndiye mukaponya limodzi m'botolo la lita imodzi madziwo samweka. Kuliswa ndi mpeni nkungolota chabe, gulani a lita imodzi. Dikirani mphindi 30, ndipo madzi akakhala ozizira kwambiri onjezerani nthawi. Matope amafooketsa mankhwalawa, choncho madzi akuda yambani mwawasiya adikhe, kenako muwasefe pachitenje. Kachilombo ka Cryptosporidium kotsegula m'mimba klorini sakapha. Mapiritsi a chlorine dioxide amakapha, koma patapita maola anayi.

Nyali ya UV ngati SteriPEN, yopha tizilombo ndi kuwala kwake mukaiviika m'madzi, imafuna madzi oyera mbee ndi mabatire amoyo. Kumapiri ine sindiiwerengera.

Tsopano sefa, imene aliyense amaitamanda. Zofinya ngati Sawyer Squeeze, zimene mumalumikiza ku thumba la madzi nkulifinya, zili ndi timachubu tokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ta 0.1 micron. Mabakiteriya, Giardia (kachilombo kena kotsegula m'mimba) ndi Cryptosporidium sizidutsa, ndipo mumamwa pompo. Pa tizilombo, mavairasi okha ndi amene amadutsa, ndiye madzi a kumunsi kwa midzi amafunabe piritsi.

Chimene chimandinyansa nchakuti sefa ikafa siyinena. Mu Juni ndi Julayi ku Nyanga kumagwa chisanu choumitsa madzi usiku. Sefa yogwirapo ntchito imatsala ndi madzi mkati ngakhale muikutumule bwanji, madziwo akaundana amafufuma nkung'amba timachubu tija. M'mawa kunja kwake ikuoneka bwinobwino, madzi akutuluka, mwina mwachangu kuposa dzulo, inu nkumasangalala kuti yatseguka. Ming'aluyo simungaione ndi maso, ndipo kutchire mulibe poiyesera. Ngati mukukayika kuti inaundana, itayeni, ndalama zapita. Choncho usiku iikeni m'kapulasitiki kotseka bwino, mugone nayo m'chofunda. Kukazizira masana ikhale m'thumba lamkati la jekete, osati m'mbali mwa chikwama.

Imatsekekanso ndi matope. Ikayamba kudontha pang'onopang'ono, tengani sirinji yake, dzazani madzi osefa kale, mukankhe mwamphamvu chobwerera kangapo mpaka otuluka ayere. Kufinya thumba mwaukali sikuthandiza, limangophulika pakhosi. Kampira ka mkati mwa kamwa yake kakagwa, madzi akuda amadontha m'mbali nkugwera m'botolo loyera, ndiye nyamulani kena kapadera.

Ngakhale ndimaidandaula chonchi, ndikanasankha sefa yoyenda nayo masana, mapiritsi a lita imodzi ali m'thumba, madzulo nkuwiritsa. Wa ndalama zochepa atenge mapiritsi, chitenje ndi poto, afika. Ku Chimanimani onjezani ichi: kumene makorokoza (okumba golide pamanja) akutsuka golide, madzi atha kukhala ndi mercury, mankhwala a poizoni amene amagwirira golideyo, ndipo njira zonsezi palibe imene imachotsa. Mukaona mtsinje wofiira matope kulibe mvula, kwerani mukatunge pa kamtsinje kam'mbali kochokera kumtunda kwa maenje awo.