Botolo la Tamiya X-20A litaona chisanu, chilimwe ndi dzinja

Nditangolandira botolo la 250 ml la Tamiya X-20A ndinanena kuti ndi thinner (mankhwala osungunulira penti) yabwino, yoti penti ya Tamiya imatuluka nayo mu airbrush (kachipangizo kopopera penti ndi mphepo) mosavuta, ndipo ndinalonjeza kuti ndidzabweranso ndikaligwiritsa ntchito mokwanira. Tsopano ladutsa nyengo zonse zitatu za kuno ku Lilongwe ndipo latsika kupitirira pakati. Ndapopera nalo tizifanizo ta pulasitiki tolumikiza: kasinja wa M4 Sherman wa sikelo ya 1/35 (wochepa ka 35 poyerekeza ndi weniweni), ndege ya Spitfire Mk.Vb ya 1/48, kagalimoto ka 1/24 ndi tizidutswa tina tambirimbiri, zonsezi ndi airbrush ya singano ya 0.3 mm. Mawu anga oyamba aja sindikuwabweza. Chimene ndikuwonjezera n'chakuti muyezo wosakanizira sukhazikika, umayenda ndi nyengo, ndipo amene akufuna nambala imodzi yoti aziigwiritsa ntchito chaka chonse adzavutika.

Tiyambe ndi chifukwa chake thinner imeneyi imagwirizana ndi penti yake. Mapenti a Tamiya a m'timabotolo ta 10 ml ndi 23 ml, a X onyezimira ndi a XF osanyezimira, amatchedwa acrylic, koma si a madzi okhaokha. Muli alcohol, ndipo mukatsegula kabotolo fungo limakuuzani lokha. X-20A nayonso ndi yosakaniza madzi ndi alcohol, choncho ikalowa mu penti siichita kulimbana nayo. Mukamatuma munthu kukagula, mulembereni bwino chilembo cha A chakumapetocho, chifukwa palinso X-20 yopanda A, imene ndi ya penti ya enamel ndipo siigwirizana ndi acrylic ngakhale pang'ono.

M'miyezi ya Juni ndi Julayi zonse zinkayenda bwino kwambiri. Dontho limodzi la penti ku dontho limodzi la thinner, mphepo ya kompresa pa 18 psi (muyezo wa mphamvu ya mphepo), XF-62 Olive Drab inkagona pa Sherman mosalala, yosabisa tizitsulo ting'onoting'ono ta pamwamba pake. Anthu ambiri amalangiza kuti penti izisungunulidwa mpaka ifanane ndi mkaka. Malangizowo ndi oyambira chabe. Ine chimene chandithandiza ndi kutenga pang'ono ndi kamtengo n'kugunditsa m'mbali mwa kakapu kosakanizira: dontho likatsetsereka mosazengereza n'kusiya kanjira koonekera kuwala koma kokhala ndi mtundu wake, penti yafikapo. Likaima, ikadali yolimba. Likathamanga osasiya chilichonse m'mbuyo, thinner yachuluka.

Kenako kunabwera Okutobala. Muyezo womwe uja, kompresa yomwe ija, koma mapiko a Spitfire anatuluka okhakhala. Pamene phiko limakumana ndi thunthu la ndege panaunjikana timchenga ta XF-82 Ocean Gray, toti ukapititsapo chala umatimva, ndipo ukaunika ndi tochi cham'mbali umaona ngodya yonse ili mbuu. Chimachitika n'chakuti timadontho totuluka mu airbrush ndi tating'ono kwambiri, ndiye kukatentha komanso mpweya ukauma, alcohol imathawa tisanafike pa pulasitiki. Isopropyl, mtundu umodzi wa alcohol, imawira pa madigiri 82, madzi pa 100, choncho yoyamba kuthawa ndi alcohol. Penti imafika itauma kale n'kungokhala pamwamba ngati fumbi m'malo moyala. M'ngodya vutoli limakula chifukwa mphepo imazungulira mmenemo n'kubweza timadontho touma tija. Pa nsonga ya singano napo pankamera kachibuma ka penti youma pakangopita mphindi zochepa, mzere n'kuyamba kudukaduka, kenako kachibumako n'kuthothoka kukagwera pa phiko.

Apa ndi pamene ndinaidziwa bwino thinner imeneyi. Ndinawonjezera mpaka madontho awiri a X-20A ku dontho limodzi la penti, ndinatsitsa mphepo kufika pakati pa 12 ndi 15 psi, ndipo ndinasendeza airbrush pafupi ndi ntchito, pa mtunda wa zala zitatu kapena zinayi. Penti yamadzimadzi chonchi siiphimba ulendo umodzi, imafuna kubwereza katatu kapena kanayi mopyapyala, ndipo mukaima malo amodzi imamwazika n'kupanga timiyendo m'mbali. Koma kukhakhala kuja kunachepa kwambiri. Chotsalacho chinathetsedwa ndi kabotolo ka 40 ml ka Tamiya Paint Retarder ya acrylic, mankhwala ochedwetsa kuuma. Malangizo ake amati isapitirire gawo limodzi pa magawo 10 a penti, ndipo malire amenewa ndi oona: ikachuluka penti imakhala yofewa nthawi yaitali, mukagwira chidindo cha chala chimatsalapo. Pa penti yokwana kakapu ka airbrush dontho limodzi limakwana. Ndinasinthanso nthawi, n'kumapopera m'mamawa dzuwa lisanakwere, ndipo zimenezi zinathandiza mofanana ndi mankhwala aja, popanda kulipira kanthu.

Dzinja linabwera ndi nkhani ina imene thinner ilibe nayo mbali, koma ndiitchule chifukwa ambiri amaiimba mlandu pachabe. Mvula ikagwa mpweya umadzaza chinyontho, kompresa ikaupanikiza madzi amasonkhana mu paipi, ndiye mwadzidzidzi airbrush imalavula dontho la madzi pakati pa penti yaiwisi. Munthu amaganiza kuti wasungunula mopitirira, amachepetsa thinner, vuto losatha. Mankhwala ake ndi kasefa kogwira madzi, kamodzi pa kompresa ndi kena pansi pa airbrush penipeni, komanso kukhuthula thanki mukamaliza. Pa nkhani ya muyezo, m'dzinja ndinabwerera pafupi ndi wa m'chisanu uja, retarder n'kuiika pambali.

Funso limene limandifikira kawirikawiri ndi la zolowa m'malo, ndipo ndi funso lomveka. Zinthu zoyaka moto ngati zimenezi sizitumizidwa wamba pa ndege kapena pa positi, choncho botolo limadikira wachibale kapena mnzako wochokera ku Johannesburg pa msewu. Ndinayesa zopezeka pafupi pa masupuni a pulasitiki. Isopropyl alcohol imasungunula penti ya Tamiya bwinobwino, koma imauma msanga kuposa X-20A, ndiye m'chilimwe imakulitsa vuto lomwe lija, ndipo penti yonyezimira imatuluka yozimirira. Sipiriti ya pepo ya m'magolosale ndi m'mafamase imagwira ntchito pa mitundu yakuda, koma utoto wake umalowa mu XF-2 yoyera n'kuidetsa, ndipo sindingaiyandikize ku X-22 Clear, penti yopanda mtundu yowalitsira pamwamba. Madzi a batire ogulitsidwa m'malo omwetsera mafuta, omwe ndi madzi oyeretsedwa opanda mchere (musasokoneze ndi asidi wa batire), ali bwino kuposa a pampopi, komabe paokha amachititsa penti kusonkhana timadontho pa pulasitiki m'malo moyala. Thinner ya ku hardware yopopera magalimoto ndi yaukali zedi, ikhoza kudya pulasitiki ndi timphira ta mkati mwa airbrush zotchipa, choncho ine ndimangotsukira nayo singano ndi zitsulo zimene ndamasula.

Kuyesa kumeneku n'kumene kwasunga botolo langa. X-20A imalowa mu penti basi. Kutsuka kakapu pakati pa mitundu, kupukuta singano, kuchapa maburashi, zonsezo ndi ntchito ya isopropyl kapena sipiriti. Amene amatsukira X-20A amatha botolo m'miyezi yochepa, chonsecho gawo lalikulu lapita pa kansanza. Za mankhwala opukutira mawindo amene ena amatsukira, onani kaye ngati muli ammonia, chifukwa imadya chitsulo chonyezimira cha mkati mwa kakapu pang'onopang'ono.

Pali malire amodzi ofunika kuwadziwa musanagule: botolo ili si la penti iliyonse yolembedwa acrylic. Tiasilikali tokwera pa Sherman ndimatipenta ndi Vallejo Model Color, ya ku Spain, yobwera m'timabotolo todonthetsa. Imeneyo ndi ya madzi yeniyeni ndipo siikonda alcohol yambiri. Donthetsani pang'ono pa kambale, thiranipo isopropyl, sonkhezerani ndi kamtengo: muona ikugwirana n'kusanduka tinthu tonanda tomamatira ku kamtengoko. Zimenezo zikachitikira mkati mwa airbrush, madzulo onse athera pomasula ndi kutokosa kabowo ka kutsogolo. Chifukwa chake X-20A sindiiphatikiza ndi Vallejo. Vallejo ili ndi Airbrush Thinner yakeyake komanso Flow Improver, imene amati dontho limodzi kapena awiri pa madontho 10 a penti, ndipo m'chilimwe imachepetsadi kuuma kwa pa singano. Popenta ndi burashi madzi a batire amakwana, malinga ngati simupitiriza, chifukwa madzi akachuluka zomatira za mu penti zimachepa mphamvu ndipo tepi yophimbira malo osapentedwa ikamachotsedwa imanyamula penti yomwe. Mukachoka ku Tamiya kupita ku Vallejo, tsukani airbrush ndi madzi pomaliza kuti alcohol isatsalire.

Pa kagalimoto ka 1/24 m'pamene ndinaona kuti X-20A ili ndi mnzake woiposa pa ntchito imodzi. Penti ya Tamiya imalolanso thinner ya lacquer, ndipo ndi Mr. Color Leveling Thinner ya kampani ya GSI Creos, yomwe ili kale ndi zochedwetsa kuuma, X-22 Clear imayala yokha n'kuwala kwambiri, imagwiranso pulasitiki molimba. Pa thupi la galimoto kusiyana kwake kumaoneka ndi maso. Kuipa kwake ndi fungo. M'nyumba mmene muli ana sindingaipopere, ndipo ngakhale pakhonde imafuna masiki ya zosefera nthunzi za mankhwala, osati yansalu ija. X-20A fungo lake ndi lopepuka, komabe nayo mawindo azikhala otsegula ndipo masiki ivalidwe, chifukwa fumbi la penti lomwe limakhakhalitsa phiko ndi lomwenso timapuma.

Chinthu china chimene miyezi yandionetsa ndi cha kasungidwe. Ena amadzaza thinner m'kabotolo katsopano ka penti mpaka pakhosi kuti kazikhala kokonzeka. N'zofulumira, koma zimakumangani ku muyezo umodzi, ndipo penti yotero simungaipakenso bwino ndi burashi. Ine ndimasakanizira mu kakapu kapadera zongokwanira tsikulo, kenako n'kuthira mu airbrush. Kusakanizira mu airbrush momwemo kumapangitsa penti yolimba kutsikira pansi n'kutseka njira thinner isanaifikire. Botolo lalikululo ndimalitsegula mwa apo ndi apo pothira mu kabotolo kakang'ono kodonthetsera, ndipo limakhala m'kabati kutali ndi dzuwa ndi moto. Mpaka pano likugwira ntchito ngati mmene linabwerera.

Ndiliitanitsanso, la 250 ml lomweli, chifukwa tating'ono ta 10 ml ndi 46 ml n'todula mukawerengera mlingo wake. Amene mukuyamba kumene ndipo mapenti anu ndi a Tamiya, tumani botolo limeneli limodzi ndi kabotolo ka retarder pa ulendo umodzi, makamaka ngati muyambira ntchito mu Seputembala. Ngati mapenti anu ndi a Vallejo, ndalamayo ipite ku Airbrush Thinner ndi Flow Improver.