Chipinda Chamkati Kapena cha Khonde: Pogona pa Sitima Yochokera ku Durban

Nyengo yotentha ikafika ku South Africa, kuyambira cha mu Novembala, sitima za kampani ya MSC zimanyamuka padoko la Durban kupita ku Portuguese Island ndi ku Pomene m'dziko la Mozambique, ndipo abale athu ena okhala ku South Africa amakwera nawo maulendowa. Polipira, funso limene limavuta ndi la pogona: chipinda chamkati chopanda zenera, chipinda cha zenera losatseguka, kapena chipinda chokhala ndi khonde loyang'ana kunyanja. Pa ulendo wa masiku 3 kapena 4, ine ndimalimbikitsa chamkati.

Chipinda chamkati ndicho chotsika mtengo kuposa zonse, komabe amene wagonamo amadya m'malo odyera omwewo, amasambira m'dziwe lomwelo, amaonera zisudzo zamadzulo zomwezo, ndipo tsiku lofika pachilumba amakwera boti limodzi ndi mnzake wa khonde kupita kumtunda. Ndalama zimene mwapulumutsa zikhoza kulipira zakumwa kapena ulendo wochoka ku Johannesburg kupita ku Durban. Pa ulendo waufupi chotere, munthu amalowa m'chipinda kukasamba, kukasintha zovala ndi kukagona basi, choncho khonde lija limaswera lokha mwini wake ali pamwamba ndi anzake.

Nkhani imene ndimaiganizira kwambiri ndi ya mafunde. Aliyense amene anakwerapo Ilala mwera ukuwomba akudziwa mmene mseru umasokonezera ulendo. Sitima imayendayenda kwambiri kutsogolo, kumbuyo ndi m'zipinda zam'mwamba, pamene pakati chakumunsi pamakhala bata. Zipinda za khonde zimakhala m'mwamba, koma zamkati zimapezekanso m'munsi, ndipo mukapempha chapakati mumagona tambula yamadzi ili phee patebulo. Komabe ndivomereze kuti anthu ena chizungulire chimawaleka akayang'ana kumene nyanja yakumana ndi thambo, ndipo kwa iwo zenera ndi mankhwala.

Mdima wa chipinda chamkati ndi dalitso komanso msampha. Mukazimitsa magetsi, ngakhale dzanja lanu simuliona, ndipo tulo take timakhala tokoma zedi kwa munthu amene chaka chonse amadzuka m'mamawa kupita kuntchito. Koma 9 koloko m'mawa imafanana ndi pakati pa usiku, motero osatchera alamu pafoni akhoza kudzuka anzake atafika kale pamchenga. Ena amasiya TV pa tchanelo yoonetsa kutsogolo kwa sitima atatsitsa mawu, kuti kunja kukamacha m'chipindamo muziwala pang'onopang'ono.

Khonde lili ndi ubwino wake weniweni. Kumwa tiyi panokha dzuwa likutuluka m'nyanja ya Indian ndi chinthu chosaiwalika, ndipo munthu amene amabanika m'malo otsekeka asadzikakamize kugona mkati chifukwa cha mtengo. Pa ulendo wautali wa ku Norway kapena ku Alaska, kumene mapiri amadutsa pafupi tsiku lonse, khonde limabweza ndalama zake. Chipinda cha zenera losatseguka ndimachiona chofooka pa zitatuzi, chifukwa mumawonjezera ndalama koma mphepo simuimva, ndipo mazenera ena amatchingidwa ndi maboti opulumutsira anthu.

Musanalipire chamkati, onani mapu a sitimayo, ndipo musankhe chipinda chimene pamwamba ndi pansi pake pali zipinda zogona zokhazokha, osati malo ovinira kapena khitchini.