Soketi Wamba Kapena Chaja Yapakhoma?

Munthu amene wagula galimoto yoyendera magetsi ayenera kusankha pakati pa kuitchajira pa soketi wamba ya m'nyumba ndi kuikitsa chaja yapakhoma yokhala ndi waya wakewake wochokera ku bokosi la magetsi. Soketi wamba sifuna ndalama zoikira, koma pa mavoti 230 ndi maampu 10 imangopereka 2.3 kW (makilowati, muyezo wa mphamvu ya magetsi), kotero kuti batire la 60 kWh (muyezo wa kuchuluka kwa magetsi amene batire limasunga) limatenga maola oposa 24 kuti lidzaze. Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti soketi yakale ikanyamula mphamvu yotere usiku wonse imatentha, pulasitiki yake n'kuyamba kuda mozungulira mabowo, ndipo moto ungabuke anthu ali m'tulo.

Chaja yapakhoma ya maampu 32 imapereka pafupifupi 7 kW, ndipo batire lomwelo limadzaza m'maola 8 kapena 9. Imafuna ndalama zambiri poyamba, komanso katswiri wa zamagetsi wovomerezeka woti aone kaye ngati mawaya a nyumbayo angapirire, kenaka aike chida chodula magetsi akayamba kudutsa posayenera. Kwa woyenda mitunda italiitali tsiku ndi tsiku, ndikuona kuti ndalamazo sizipita pachabe, pomwe woyenda pafupi angadalire soketi, bola katswiri ataiyeza kaye.