Machenjezo a madzi osefukira ku Chigwa cha Shire: amathandiza, koma amaduka panjira

Nthambi yoona zanyengo imalengeza za mvula yamphamvu kudakali masiku angapo, ndipo nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA imafalitsa uthengawo pa wailesi. Pamenepa ntchito ndi yoyamikika: chenjezo la namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 linatuluka mvula isanafike.

Vuto lili kumudzi. M'mitsinje ina ya ku Chikwawa ndi Nsanje muli mizati yoyezera madzi yopakidwa penti yobiriwira, yachikasu ndi yofiira. Madzi akakhudza pofiira, wowerenga amaimbira foni makomiti akumunsi, iwo n'kudzutsa anthu ndi ng'oma ndi zimkuzamawu. Koma foni ikazima kapena mayunitsi akatha, uthenga umathera pomwepo, kawirikawiri usiku, mtsinje ukudzaza. Boma liziika m'bajeti ndalama za mabatire, masola ndi mayunitsi, zizifika Novembala asanakwane, osadikira mabungwe.