Buku lomvetsera la Viola Davis, Finding Me: ndi loyenera ndalama zake, koma konzani foni ndi khadi musanagule

Amene munkatsatira sewero la pa TV la How to Get Away with Murder mukumukumbukira Annalise Keating, loya wosaopa munthu uja, amene usiku wina anakhala pagalasi n'kuvula wigi, kuchotsa nsidze zomata, kupukuta zodzoladzola zonse kamera ili pamaso pake. Mayi amene anasewera mbali imeneyo, Viola Davis, analemba buku la moyo wake, Finding Me, lomwe linatuluka mu Epulo 2022. Lilipo la pepala, ndipo lilipo lomvetsera, lomwe amawerenga mwiniwake. Kwa munthu wa kuno ku Joni amene tsiku lake limathera mu tekisi ndi pantchito, lomvetserali ndiye logula. Ndi lotalika maola 9 ndi mphindi zingapo. Ngati ulendo wa kuntchito umakutengerani mphindi 45 popita ndi 45 pobwera, mulimaliza m'masiku 6 kapena 7.

Tiyambe ndi zimene zili m'katimo, chifukwa ambiri amagula akuyembekezera nkhani za ku Hollywood, n'kupezamo zina.

Viola Davis anabadwa pa 11 Ogasiti 1965 ku St. Matthews, m'chigawo cha South Carolina, pamunda wa agogo ake, ndipo ndi wachisanu mwa ana 6. Ali khanda makolo ake anasamukira ku Central Falls, ku Rhode Island. Bambo ake, a Dan Davis, ankasamalira mahatchi a mpikisano, pomwe mayi ake, a Mae Alice, ankagwira ntchito za m'nyumba za anthu ndi za m'fakitale. Gawo lalikulu la bukuli lili pa zaka za ku Central Falls zimenezi, ndipo mphamvu yake yagona pamenepo. Nyumba yomwe ankakhala, nambala 128 mu Washington Street, inali yodzaza makoswe. Nthawi yachisanu mapaipi ankauma, madzi osatuluka, sopo palibe, ndiye mwana amene ankakodzera pogona mpaka zaka 14 ankapita kusukulu akununkha, iye mwini akudziwa kuti akununkha. Akafika pa mawu amenewa sathamanga. Amatsitsa mawu, amaima pang'ono, womvera n'kumva manyazi a mwana uja ngati akhala naye pabenchi limodzi. Pepala silingachite zimenezo.

Mutu woyamba ndi wa anyamata amene ankamuthamangitsa tsiku ndi tsiku poweruka kusukulu, akumugenda ndi kumutukwana chifukwa cha khungu lake. Mayi ake anamupatsa singano yolukira kuti aziyenda nayo, ndipo anamuuza kuti asathawenso. Pamene Davis akuyerekeza mawu a mayi akewo, ndi kalankhulidwe kawo ka kumudzi ku South Carolina, ndiye pokoma penipeni pa buku lonseli. Ndi pomwenso pamavuta kumva. Chingerezi chake si cha pa nkhani za pa TV ayi, mawu amamezedwa kumapeto. Tsitsani liwiro pa pulogalamu lifike 0.9 kapena 0.8, ndipo musachite manyazi kudina batani lobwerera m'mbuyo masekondi 30. Kutsitsa kupitirira pamenepo kumachititsa mawu kukhala ngati a munthu woledzera, kukoma konse n'kutha.

Amanena poyera za bambo ake, kuti ankamwa ndipo ankamenya mayi ake ana akuona. Amanenanso za kusintha kwawo atakalamba, ndi mmene anawasamalirira mpaka pamene anamwalira ndi khansa mu 2006. Sabisa mbali imodzi pofuna kukometsa inayo. Muli nkhani za kuchitidwa zachipongwe ali mwana, muli kutukwana kwenikweni. Choncho si buku loika pa sipika m'chipinda chogona ndi ana, kapena m'khitchini ya abwana mukusita. Mahedifoni basi.

Za ntchito yake ya zisudzo zimayamba ndi tsiku limene anaona katswiri wa zisudzo Cicely Tyson pa TV ali mwana, mayi wakuda bii ngati mayi ake, n'kuzindikira kuti nayenso angathe. Anamaliza maphunziro a zisudzo ku Rhode Island College mu 1988, kenako anakhala zaka 4 ku sukulu ya zisudzo ya Juilliard, ku New York. Sukulu yotchukayo saiyamikira mwachimbulimbuli: akuti inkamuumba kuti azisewera ngati mzungu. Chimene chinamutsitsimutsa ndi ulendo wa ku Gambia ali pasukulupo, komwe anaona ng'oma, magule ndi gulu la amayi osabereka amene amaimba ndi kuseketsa anthu pamiyambo. Kwa Mmalawi amene anakulira pafupi ndi bwalo la gule, gawo limeneli limveka mosiyana ndi mmene Mmereka angalimvere. Chimene iye anachiwolokera nyanja, ife tinkachionera kuseri kwa nyumba. Amayi osabereka aja amabweranso m'maganizo akamafotokoza za zotupa za m'chiberekero zimene zinamuvutitsa mpaka kuchotsedwa chiberekero, ndi za mwana wamkazi amene iye ndi mwamuna wake Julius Tennon anamutenga kuti alere mu 2011.

Apa ndiye pali chofooka cha bukuli. Likafika pa zaka za kutchuka limathamanga. Mphoto za Tony, za zisudzo za pasiteji, za 2001 ndi 2010, filimu ya Doubt ya 2008 yomwe anaonekamo mphindi zochepa chabe koma n'kupikisana nawo pa mphoto ya mafilimu ya Oscar, Oscar yeniyeniyo ya 2017 chifukwa cha filimu ya Fences, zonsezi zimadutsa msanga. How to Get Away with Murder inayenda kuyambira 2014 mpaka 2020, zigawo 90, ndipo inamupatsa Emmy, mphoto ya masewero a pa TV, mu 2015, kukhala mayi wakuda woyamba kupambana ngati wosewera mbali yaikulu mu sewero la "drama" pa TV. Koma za mmene ankajambulira tsiku ndi tsiku muli zochepa. Zimene zilimo ndi zolemera: anapatsidwa mbaliyo ali ndi zaka pafupifupi 49, anamva kuti anzake ena a zisudzo, akuda omwe, ankati si wokongola mokwanira, ndipo maganizo ovula wigi aja anali ake. Wofuna miseche ya anthu otchuka asataye ndalama zake.

Kawerengedwe kake kanapambana Grammy, mphoto ya nyimbo ndi zomvetsera, mu Febuluwale 2023, ndipo mphoto imeneyo inamulowetsa m'kagulu kochepa ka anthu amene ali ndi Emmy, Grammy, Oscar ndi Tony zonse.

Tsono kagulidwe. Njira yodziwika ndi Audible, ya kampani ya Amazon. South Africa ilibe sitolo yakeyake ya Audible, ndiye mumalembetsa pa ya ku America kapena ya ku Britain, ndipo mumalipira madola kapena mapaundi. Apa ndi pomwe ambiri amakodwa. Khadi lanu la kubanki liyenera kukhala lololedwa kugula pa intaneti ndiponso kugula kunja. Likakana, nthawi zambiri vuto si kuchepa kwa ndalama, koma kuti chilolezo chimenecho ndi chotseka pa pulogalamu ya banki, kapena malire a ndalama zogulira pa intaneti ali pansi. Dziwaninso kuti banki imaonjezera kake posintha randi kupita ku dola, choncho zochoka mu akaunti zimaposa pang'ono zimene munawerengera.

Wolembetsa koyamba kawirikawiri amapatsidwa masiku 30 oyesera ndi mwayi wotenga buku limodzi. Tengani limeneli. Buku lotengedwa motero kawirikawiri limakhala lanu ngakhale mutasiya umembala. Koma masikuwo akatha, ndalama zimayamba kudulidwa mwezi ndi mwezi popanda kukufunsani, ndipo kufufuta pulogalamu pafoni sikuletsa kanthu. Muyenera kulowa mu akaunti yanu ndi kuthetsa umembalawo, ndipo sungani imelo yotsimikizira. Lembani tsiku lake pa kalendala ya foni tsiku lomwelo mwalembetsa. Chinanso, kumbukirani sitolo yomwe munalembetsa. Mukagula pa ya ku America n'kulowa pa ya ku Britain, mupeza shelefu yopanda kanthu, mtima n'kugunda kuti mwaberedwa, pomwe buku lili kwinako.

Amene sakufuna za umembala ayang'ane pa Google Play Books, komwe mabuku omvetsera amagulidwa limodzilimodzi, mtengo wake wa randi. Ngati likuoneka pa akaunti yanu, mumalipira kamodzi, nkhani yatha. La pepala funsani ku Exclusive Books, ku Rosebank kapena ku Sandton City, ndipo lingathandize amene akufuna kumatsatira ndi maso pamene Chingerezi chalimba.

Musamvetsere mwachindunji pa data. Pangani dawunilodi buku lonse kamodzi, pa Wi-Fi kapena pa bandulo ya usiku, ndipo siyani malo okwana 600MB pafoni kuti lisaime pakati. Pa Audible pali kusankha pakati pa mawu apamwamba ndi apakati. Poti ndi munthu mmodzi akulankhula, popanda nyimbo, apakatiwo akukwanira ndipo amadya malo ochepa. Likamaliza, tsekani data ndi Wi-Fi, muyese kutsegula mutu wa kumapeto. Ngati sukulira, ndiye kuti silinatsike lonse. Izi ndi zofunika kwambiri kwa amene akukwera basi yopita kumudzi, chifukwa mukangodutsa pa Beitbridge data ya kuno imasiya kugwira ntchito, kapena imadula koopsa, ndipo kuchokera pamenepo kukafika ku Mwanza kudzera ku Nyamapanda ndi Tete ndi mtunda woti buku lonse n'kutha.

Pa mahedifoni, gulani okhala ndi timphira tolowa m'khutu. Aja apulasitiki ongokhala pakhomo pa khutu amalowetsa phokoso, ndipo mu tekisi yomwe woyendetsa watsegula wailesi, malo onse amene Davis amatsitsa mawu amasowa. Ngati ali a Bluetooth, dzazani batire usiku, poti otchipa ambiri satha maola 9. Pa renki ya Bree kapena Noord foni ikhale m'thumba la m'kati, ndipo khutu limodzi likhale lotsegula mpaka mutakhala pansi m'galimoto. Womvetsera pogona atchere nthawi yozimitsa yokha pa mphindi 15 kapena 30, apo ayi adzadzuka buku lili ku Juilliard pomwe iye analisiya ku Central Falls.